Mphamvu za khonsolo zoletsa kugwiritsa ntchito nyumba yoopsa pa ngozi ya moto

Pa mphamvu zonse zimene makhonsolo ndi nthambi zozimitsa moto zili nazo, yolemera kwambiri ndi yolamula kuti nyumba ileke kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo, moto usanabuke ndiponso munthu aliyense asanavulale. Woyendera nyumba amalowa m'hotela, m'fakitale kapena m'holo ya zisangalalo, n'kupeza kuti khomo lothawira lamangidwa ndi unyolo ndipo masitepe adzaza katundu, ndiye asanachoke amasiya chikalata chonena kuti kuyambira usiku umenewo pansanjika yapamwamba pasagonenso munthu. Mwini nyumbayo sanaweruzidwe ndi khoti lililonse, mwinanso sanapatsidwe mpata wonena mbali yake, koma bizinesi yake yaima. Chifukwa chimene malamulo a mayiko ambiri amalolera zimenezi chimamveka bwino tikayamba taona mmene moto umaphera anthu m'nyumba.

Anthu ambiri amene amafa pa moto wa m'nyumba amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Matilesi, mipando ya siponji ndi zinthu za pulasitiki zikamapsa zimatulutsa mpweya wa poizoni, makamaka carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, umene umasokoneza mutu wa munthu n'kumukomola m'kanthawi kochepa. Utsiwo umathamangira m'mwamba, motero malo a masitepe amasanduka chumuni, ndipo njira imene anthu a pamwamba amadalira ndiyo imayamba kutsekeka. M'chipinda chimene moto wayambira, kutentha kumaunjikana kudenga mpaka kufika madigiri 500 kapena 600, ndipo pamenepo chilichonse chimene chingapse m'chipindamo chimayaka nthawi imodzi. Zonsezi zingachitike m'mphindi zowerengeka, galimoto ya ozimitsa moto isanafike n'komwe. Ndiye chifukwa chake woyendera nyumba safunsa kwambiri ngati moto ungabuke, pakuti moto ungabuke paliponse. Funso lake lalikulu ndi lakuti: ukabuka pakati pa usiku, kodi anthu a m'nyumba muno adzadziwa msanga, ndipo adzatulukira pati?

Funso limeneli ndilo limasiyanitsa zolakwika zazing'ono ndi zazikulu. Chozimitsira moto chimene masiku ake oyezedwa adapitirira, kapena chikwangwani cholozera potulukira chimene chidagwa, ndi zolakwika zofunika kukonza, koma pazokha sizitseketsa nyumba. Zimene zimatseketsa nyumba ndi zimene zimakhudza kuthawa: khomo lothawira lokiyidwa, nyumba yosanjikizana ya masitepe amodzi okha amene alibe zitseko zotchinga utsi, alamu yakufa m'malo amene anthu amagona, anthu ogona pamwamba pa khitchini ya lesitilanti pamene njira yawo yokhayo yotsikira imadutsa m'khitchinimo, ndiponso khamu loposa limene makomo angathe kutulutsa. Kawirikawiri zolakwikazi zimapezeka zingapo pamodzi, ndipo chilichonse chimakulitsa kuopsa kwa chinzake. Nyumba yopanda alamu koma ya makomo ambiri ili ndi vuto, ndipo ya alamu yabwino koma khomo limodzi ilinso ndi vuto, koma yopanda alamu, ya khomo limodzi, ndipo m'kati mwake mukugona anthu, ndi msampha.

Lamulo la ku England ndi Wales lotchedwa Regulatory Reform (Fire Safety) Order la 2005, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2006, limaonetsa bwino mmene mphamvuzi zimasanjidwira. Lamuloli limaika udindo woteteza anthu pa wolemba ntchito, mwini nyumba kapena aliyense amene akuyang'anira malowo, ndipo limafuna kuti iyeyo aunike yekha chiopsezo cha moto pamalo pake. Oonetsetsa kuti likutsatidwa nthawi zambiri amakhala akuluakulu a nthambi yozimitsa moto ya m'deralo, ndipo m'madera ena nthambiyo ili pansi pa khonsolo yeniyeniyo. Akapeza zolakwika, angathe kungolangiza pakamwa kapena pakalata. Zikakhala zazikulupo, gawo 30 limawalola kupereka chikalata cholamula kukonza, chomwe chimatchula zolakwikazo ndi kupereka nthawi yosachepera masiku 28, ndipo m'nthawi yonseyi nyumba imapitiriza kugwira ntchito. Gawo 31 ndilo la chikalata choletsa, chimene chimaperekedwa pamene akuluakuluwo aona kuti kugwiritsa ntchito malowo kukuika anthu pa chiopsezo chachikulu kotero kuti kuyenera kuletsedwa kapena kuchepetsedwa. Lamuloli limawauzanso kuti poganizira zimenezi ayang'ane makamaka chilichonse chokhudza kuthawa kwa anthu. Akalemba m'chikalatamo kuti ngozi yovulaza anthu kwambiri ili pafupi, chiletsocho chimayamba kugwira ntchito nthawi imene chaperekedwa.

Mfundo imene eni nyumba ambiri amaiphonya ndi yakuti chikalata choletsa si chilango. Chilango chimabwera pambuyo pa mlandu, ndipo chimayang'ana zimene munthu adachita. Chiletso chimayang'ana zimene zingachitike usiku uno, motero chingagwere ngakhale munthu amene wangogula nyumbayo dzulo, amene sadakiye khomo lililonse. Mlandu ungabwere pambuyo pake, ndipo kunyozera chiletso ndi mlandu paokha, umene ku England ungafikitse munthu pa chindapusa ndi kundende mpaka zaka ziwiri.

Mphamvu yoti akuluakulu a m'dera aletse okha, osayamba apita kukhoti, sidakhalepo kuyambira kale. Pansi pa lamulo la Fire Precautions Act la 1971, nthambi yozimitsa moto inkayenera kukapempha khoti kuti ndilo liletse. Zinthu zidasintha pambuyo pa moto wa pabwalo la mpira la Valley Parade mumzinda wa Bradford pa 11 Meyi 1985, pamene anthu 56 adafa. Malo okhala oonerera anali a matabwa, pansi pake padaunjikana zinyalala kwa zaka zambiri, ndipo makomo a kumbuyo anali otseka. Chowawa kwambiri n'chakuti chaka cha 1984 khonsolo ya West Yorkshire idalembera timu ya Bradford City kalata yochenjeza za zinyalalazo, n'kutchula kuti ndudu yotayidwa mosasamala ingayambitse moto, koma kalatayo sidatsatiridwe ndi chilichonse. Mu 1987 khoti lidagamula kuti magawo awiri mwa atatu a cholakwacho anali a timuyo ndipo gawo limodzi linali la khonsolo, yomwe inalinso ndi udindo wa zozimitsa moto. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Fire Safety and Safety of Places of Sport Act, limene lidapatsa akuluakulu a m'madera mphamvu yopereka okha zikalata zoletsa.

Popeza mphamvuyi imadumpha khoti poyambirira, malamulo amaimangira malire kumbuyo kwake. Chikalatacho chiyenera kutchula zinthu zenizeni zimene zikubweretsa chiopsezo, kuti mwini nyumba adziwe chimene akuyenera kukonza ndiponso chimene angatsutse. Ali ndi masiku 21 ochita apilo kukhoti la majisitireti, ndipo khotilo lingathe kufafaniza chikalatacho, kuchivomereza, kapena kuchisintha. Pano pali kusiyana kofunika: apilo yotsutsa chikalata cholamula kukonza imaimitsa chikalatacho mpaka mlandu utatha, koma apilo yotsutsa chikalata choletsa sichiimitsa chiletsocho pokhapokha khoti litalamula choncho. Chikanakhala kuti apilo imaimitsa chiletso, mwini hotela aliyense akanangolembera khoti m'mawa n'kugonekanso alendo madzulo, ndipo mphamvu yonseyo ikanasanduka pepala chabe.

Malire ena ndi akuti chiletso chisapitirire kukula kwa chiopsezo. Mawu akuti kuletsa kapena kuchepetsa amapereka mpata waukulu, ndipo woyendera nyumba wanzeru amaugwiritsa ntchito. Angaletse kugona m'zipinda za pamwamba koma kulola sitolo ya pansi kupitiriza malonda, angalamule kuti m'holo musalowe anthu oposa chiwerengero chimene makomo otseguka angatulutse, kapena angatseke chipinda chimodzi chapansi pa nthaka chimene chili ndi njira imodzi yotulukira. Ine ndimaona kuti luso lenileni la ntchitoyi lili pamenepa, pakuti kutseka nyumba yonse n'kosavuta kulemba, pamene kupeza mbali yeniyeni imene ikuopseza moyo kumafuna munthu wodziwa mmene utsi udzayendere m'nyumba imeneyo. Chiletso chopitirira muyeso chimagonja mosavuta pa apilo, ndipo chimachititsa eni nyumba ena kubisa mavuto awo m'malo mopempha uphungu.

Nkhaniyi imavuta kwambiri nyumbayo ikakhala kwawo kwa anthu. Chikalata choletsa cha ozimitsa moto ku England sichigwira nyumba ya banja limodzi, koma chimagwira nyumba yogawidwa zipinda zochititsa lendi kwa anthu osiyanasiyana, ndipo lamulo limafuna kuti, ngati n'kotheka, ozimitsa moto adziwitse kaye nthambi ya khonsolo yoona za nyumba, chifukwa ndiyo idzakumane ndi anthu amene asowa pogona. Khonsoloyo ilinso ndi mphamvu zakezake pansi pa lamulo la Housing Act la 2004, limene limaunika nyumba zokhalamo potengera mitundu yosiyanasiyana ya zoopsa, ndipo moto ndi umodzi mwa mitunduyo. Choopsa chikapezeka kuti chili m'gulu loyamba, la zoopsa kwambiri, khonsolo imakakamizika kuchitapo kanthu. Chiletso wamba cha lamuloli chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 28, koma gawo 43 limalola chiletso chadzidzidzi chimene chimayamba nthawi yomweyo ngati ngozi yaikulu ili pafupi. Motero nyumba imodzi ingakhale pansi pa maofesi awiri ndi malamulo awiri, ndipo mavuto ambiri amabadwira pamene ofesi iliyonse ikuganiza kuti inzake ndiyo ichitepo kanthu.

Mtengo wa kutulutsa anthu udaonekera poyera ku London mu 2017. Moto wa Grenfell Tower pa 14 Juni udapha anthu 72, ndipo makhonsolo adayamba kuunika nyumba zawo zazitali zokutidwa ndi zophimba zofanana ndi zimene zidafalitsa motowo. Madzulo a pa 23 Juni, ozimitsa moto atanena kuti sangatsimikize chitetezo cha anthu, khonsolo ya Camden idasamutsa mabanja oposa 600 m'nyumba zinayi zazitali za Chalcots Estate. Kuwonjezera pa zophimbazo, padapezeka mavuto pa zitseko zotchinga moto ndi pa mapaipi a gasi. Anthu adagona pa matilesi m'holo ya zamasewera, ena adapita kumahotela, ena adakana kuchoka, ndipo padatenga milungu ingapo kuti abwerere. Iyi inali khonsolo ya mumzinda wolemera, imene inkatulutsa alendi ake omwe, komabe usiku umenewo udali wa chisokonezo. Khonsolo yopanda ndalama zolipirira malo ogona ikakumana ndi nyumba yotere imayesedwa kuyang'ana kumbali.

Ku South Africa funso limeneli lidafika mpaka kukhoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Gawo 12 la lamulo la National Building Regulations and Building Standards Act la 1977 limalola khonsolo kulamula anthu kutuluka m'nyumba ngati iona kuti n'kofunika pa chitetezo chawo, ndipo mzinda wa Johannesburg udagwiritsa ntchito gawoli potulutsa anthu osauka m'nyumba zowonongeka za pakati pa mzinda. Anthu oposa 400 a m'nyumba ziwiri, imodzi mwa izo ya pa 51 Olivia Road, adatsutsa zimenezi. Mu Febuluwale 2008 khotilo lidagamula kuti khonsolo isanatulutse anthu iyenera kukambirana nawo moona mtima, ndiponso iyenera kuganizira ngati kuwatulutsako kuwasiye opanda pokhala. Lidagamulanso kuti munthu asapatsidwe mlandu chifukwa chokana kutuluka pokhapokha pakhale lamulo la khoti lomutulutsa. Maganizo a khotilo ndi omveka: khonsolo ndi imodzi, ndipo siingagwiritse ntchito udindo wake woteteza anthu ku moto ngati kuti ilibe udindo wina wokhudza pokhala pawo. Munthu wotulutsidwa m'nyumba yoopsa popanda kopita amakalowa m'nyumba ina yoopsa kuposa yoyambayo, kapena amabwerera usiku n'kudzikiyira m'kati kuti asaonedwe.

Chigamulo chimenechi sichidachotse mphamvu ya khonsolo, ngakhale kuti akuluakulu ena amachitchula ngati chifukwa cholekera kuchitapo kanthu. Pa 31 Ogasiti 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street mumzinda womwewo wa Johannesburg, ndipo anthu 76 adafa. Nyumbayo inali ya nsanjika zisanu, m'kati mwake mudamangidwa tizipinda ta matabwa ndi zinthu zina zosachedwa kupsa, magetsi adali olumikizidwa mwachinyengo, ndipo njira zothawira zidali zotchingidwa kapena zokiyidwa. Mwini wake anali mzinda weniweniwo. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe lidapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda ankadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kuyambira chaka cha 2019 koma sadatsate malamulo awo omwe, ndipo lidati mzindawo uli ndi gawo pa cholakwacho.

Apa pakuonekera vuto limene malamulo ambiri saliyankha mokwanira: ndani adzaletse khonsolo ikakhala kuti ndiyo mwini nyumba? Kumene nthambi yozimitsa moto ili yoima payokha, yankho lilipo. Pambuyo pa moto wa Lakanal House ku London mu 2009, umene udapha anthu asanu ndi mmodzi, ozimitsa moto a mumzindawo adasumira khonsolo ya Southwark, yomwe inali mwini nyumbayo, ndipo mu 2017 idalamulidwa kulipira chindapusa cha mapaundi 270,000 komanso ndalama zoyendetsera mlandu. Kumene woyendera nyumba ndi woyang'anira katundu wa khonsolo ali pansi pa bwana mmodzi, chikalata choletsa chimafuna kuti ofesi idzilembere yokha, n'kudzipatsanso ntchito yopezera anthu pogona, ndipo n'zosadabwitsa kuti zikalata zotere sizilembedwa kawirikawiri.

Ngozi zambiri zazikulu zimaonetsa kuti mphamvu yoletsa inalipo koma sidagwiritsidwe ntchito. Ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, pa 30 Disembala 2004, anthu 194 adafa m'holo ya zoimbaimba ya República Cromañón, mmene mudalowa khamu loposa kwambiri chiwerengero chololedwa, khomo lalikulu lothawira lili lomangidwa ndi loko ndi waya, ndiponso chiphaso cha chitetezo cha moto chitatha ntchito. Nkhaniyi idachotsetsa paudindo mkulu wa mzindawo, Aníbal Ibarra, mu 2006. Ku Oakland, m'dziko la America, nyumba yotchedwa Ghost Ship inali ndi chilolezo chosungiramo katundu basi, koma munkakhala anthu ndipo munkachitika zisangalalo. Woyendera nyumba adafika pamalopo mu Novembala 2016 koma sadathe kulowa, ndipo pa 2 Disembala moto udapha anthu 36. Nkhani ya Oakland imakumbutsa kuti mphamvu yoletsa imadalira mphamvu ina imene imaiwalika, yolowa ndi kuona, komanso imadalira kuti ofesi yopereka ziphaso, ofesi ya zomangamanga, apolisi ndi ozimitsa moto azigawana zimene akudziwa. Nyumba imene yasintha ntchito mobisa imakhala kuti m'mabuku a khonsolo ndi yosungiramo katundu, choncho palibe amene amaiyeza ngati malo ogonamo anthu.

Zifukwa zimene akuluakulu amazengerezera n'zodziwika. Oyendera nyumba amakhala ochepa poyerekeza ndi nyumba zofunika kuziona. Mwini nyumba angakhale munthu wamphamvu, ndipo kumene kuli ziphuphu chikalata choletsa chimasanduka chida choopsezera kuti munthu apereke kangachepe. Palinso mantha akuti khonsolo ingasumiridwe chifukwa cha malonda amene aima. Chimene chimalemetsa zonsezi n'chakuti chiletso chikagwira bwino ntchito palibe chimene chimaoneka, pakuti moto umene sudaphe munthu sulembedwa m'nyuzipepala, pamene ogwira ntchito amene ataya malipiro a mwezi umenewo amaoneka ndi maso ndipo amadandaula mokweza. Njira imodzi yochepetsera kukondera ndi ziphuphu ndiyo kulemba zikalata zoletsa m'kaundula amene aliyense angamuone, monga zimachitikira ku England, kuti ofuna kuchita lendi, a inshuwalansi ndi oyandikana nawo adziwe.

Chikalata chikaperekedwa, ntchito imakhala isanathe. Mwini nyumba wosakhulupirika amachotsa mabedi masana n'kuwabwezera usiku, choncho oyendera nyumba amayenera kubwereranso mosalengeza, pa maola amene chiopsezocho chimakhalapo. Mwini nyumba wofuna kutsegulanso msanga amayamba ndi zimene zatchulidwa m'chikalatamo, ndipo zina mwa izo, monga kuchotsa unyolo pakhomo, kuchotsa katundu pamasitepe ndi kukonzetsa alamu, zingatheke tsiku limodzi kapena awiri. Zina, monga kuika zitseko zopirira moto kwa mphindi 30, kutseka mabowo amene mapaipi ndi mawaya adasiya m'makoma, kapena kumanga masitepe achiwiri, zimatenga milungu kapena miyezi. Pa nthawi yodikirayi akuluakulu angavomereze njira zongoyembekezera, monga alonda oyendayenda m'nyumbamo usana ndi usiku kuti adzutse anthu moto ukabuka, koma njira imeneyi ndi yodula ndipo imadalira munthu amene angagone, motero imaloledwa kwa kanthawi pamene alamu yokwanira ikuikidwa. Kumaliza kukonza sikuchotsa chiletso pakokha. Mwini nyumba ayenera kuitana oyendera kuti adzaone ntchitoyo ndi kusonyeza zikalata za amene adaika ndi kuyesa zipangizozo, ndipo mbali yoletsedwayo imakhalabe yotseka kufikira ofesi imene idapereka chiletsocho itachichotsa polemba.